MAFUNSO ANU: Mungu, fumbi ndi kuyetsemula kosatha m'nyumba

Udzu ndi mitengo zikangoyamba kuchita maluwa, makalata amene timalandira amakhala ngati alembedwa ndi munthu mmodzi: kuyetsemula kosalekeza, maso oyabwa, mphuno yotsekeka usiku wonse. Tasankhapo 7.

Akonzi, nyengo ino ikafika ndimayetsemula mpaka mutu kuwawa. Kuchipatala anati thupi langa limadana ndi mungu. Maluwa onse a pakhomo ndinazula, mawindo ndimatseka, koma ndikangofika pabedi zimayambiranso. Mungu wake ukulowera pati?
*Mayi wokonda maluwa*

Pepani mayi, maluwa aja mwina anafera za eni. Maluwa okongola ndi onunkhira mungu wake ndi womata, umadikira njuchi ndi agulugufe kuti aunyamule, ndipo suuluka kwenikweni. Umene umazunza anthu ambiri ndi wa zomera zodalira mphepo, monga udzu, mitengo ina ndi zitsamba zomera zokha, zimene maluwa ake munthu sawazindikira n'komwe. Mungu wake ndi wouma, umatuluka wambirimbiri, ndipo mphepo imautengera kutali makilomita ambiri. Dokotala wa ku Manchester, Charles Blackley, amene mu 1873 anasonyeza kuti mungu ndiwo umayambitsa chimfine choterechi, ankaulutsa makaiti atamangirirapo timagalasi topaka zomata, n'kukola mungu mamita mahandiredi angapo m'mwamba. Ndiye mpanda wa pakhomo panu suutchinga.

Kambewu kamodzi ka mungu wa udzu n'kakang'ono moti mutandandalika 30 pamzere tingangokwana milimita imodzi. Sefa ya pawindo yotchinga udzudzu ili ndi mabowo a milimita imodzi kapena kuposa, choncho mungu umadutsa osakhudza n'komwe. Komabe, pa zinthu zoyandama mumpweya, mungu uli m'gulu la zolemera. M'chipinda chotseka mopanda mphepo umagwa pansi m'mphindi zochepa. Mungu wa m'nyumba mwanu wambiri suli m'mwamba ayi. Uli pansi, pamafelemu a mawindo, pamipando, pazovala, komanso m'tsitsi lanu. Mwayenda nawo tsiku lonse, usiku mwaupaka papilo, kenako mwagoneka nkhope pomwepo maola 8.

Yambirani pakhomo. Nsapato zizitsala pamenepo. Zovala zimene mwayenda nazo muvulire kubafa kapena kwina kulikonse kupatula kuchipinda chogona, ndipo muziike m'basiketi yovundikira, osazikung'untha. Sinthani nthawi yosamba kuti ikhale madzulo, mutu womwe. Ngati tsitsi lanu ndi loluka ndipo silingachapidwe tsiku ndi tsiku, lifunditseni mpango potuluka, mukabwerako mulipukute ndi kansalu konyowa, n'kugona mutamanga mpango wina woyera.

Zochapa ndiye msampha umene ambiri sauganizira. Nsalu yonyowa ikakhala pachingwe panja tsiku louma la mphepo imakola mungu ngati ulimbo. Ngati malo oyanika m'nyumba ndi ochepa, mashiti ndi zovalitsa mapilo zokha ndizo muyanike mkati, m'chipinda chimene simugonamo.

Mawindo musawakhomerere mpaka kalekale. Mungu umachuluka tsiku lotentha, louma, la mphepo, ndipo wa udzu kawirikawiri umakwera m'mawa ndi chakumadzulo. Mvula yabata ikagwa kwa nthawi, mpweya umayera: tsegulani mphindi 10 kapena 15, makamaka mbali imene mphepo sikuchokera. Koma mvula ya mabingu ndi mphepo yamkuntho ndi nkhani ina. Mkuntho usanafike komanso ukangoyamba, mungu umatha kufufuma ndi chinyezi n'kuphulika kukhala tizidutswa tating'ono tolowa mpaka m'mapapo. Ku Melbourne, ku Australia, pa 21 November 2016, mkuntho wotere unagwetsa anthu masauzande ndi mphumu usiku umodzi, ndipo 10 anamwalira. Kukachita mdima wa mvula ya mabingu m'nyengo ya mungu, tsekani mawindo, khalani mkati.

Ndimasesa m'nyumba kawiri pa tsiku kuti mwana wanga asavutike, koma ndikangomaliza m'pamene amayetsemula kwambiri. Ndikulakwitsa chiyani?
*Bambo wa mwana mmodzi*

Khama lilipo bambo, chida ndicho chikukupusitsani. Tsache louma limachotsa mchenga ndi zinyalala zooneka, koma fumbi losalala limene munali mungu ndi zina limangolidzutsa pamene linagona. Taonani kuwala kwa dzuwa kolowera pawindo mukamasesa, muona utsi wa fumbi ukuvina. Umenewo ndi umene mwana akupuma.

Gwiritsani ntchito madzi. Tengani kansalu konyowa kofinya bwino, kosadontha, muyambe pamwamba: pamakabati, pamafelemu, pamapiko a fani, patebulo, pomaliza pansi ndi chokolopera. Kansaluko muzikapinda kuti mbali yoyera izikhala yopukutira, ndipo madzi akada asintheni, apo ayi mukungosamutsa matope. Kawiri kapena katatu pa mlungu n'kokwanira, kusiyana ndi tsache kawiri pa tsiku. Mwanayo akhale panja pa chipindacho mukamakonza komanso kwa theka la ola mukamaliza, kuti zimene zadzuka zigwenso. Ngati wokonzayo ndi amenenso amadwala, avale masiki yothina bwino ya mtundu wa N95 kapena FFP2.

Makina opopa fumbi amathandiza ngati ali ndi sefa ya HEPA, yokola ngakhale fumbi losalala kwambiri, ndipo thupi lake silitulutsa mpweya m'mbali. Opanda sefa yabwino amameza kutsogolo n'kulavula fumbi losalala kumbuyo. Kukhuthula zinyalala zake kuzichitikira panja.

Ine vuto langa silidziwa nyengo. Chaka chonse ndimadzuka mphuno itatsekeka, ndimayetsemula ka 10 kapena kuposa, koma ikamakwana 10 koloko ndili bwinobwino. Kodi umenewunso ndi mungu?
*Mphunzitsi wotopa ndi mahanki*

Aphunzitsi, mungu uli ndi nyengo yake. Vuto la chaka chonse limene limakula usiku ndi m'mamawa limaloza pabedi, ndipo woyamba kumuganizira ndi nthata za m'fumbi. Musazisokoneze ndi nsikidzi. Izi siziluma, siziyamwa magazi, ndipo ndi maso simungazione chifukwa kukula kwake ndi pafupifupi milimita 0.3. Zimadya timamba ta khungu timene tonsefe timayoyola, ndipo zimakhala m'matiresi, m'mapilo, m'mabulangete, m'makapeti ndi m'mipando ya nsalu. Ofufuza a ku Netherlands, motsogozedwa ndi Reindert Voorhorst, ndiwo anazindikira mu 1964 kuti anthu amene ankati amadana ndi fumbi la m'nyumba, kwenikweni amadana ndi tizilombo timeneti. Chimene chimakudwalitsani makamaka ndi ndowe zake, timibulu tofanana kukula ndi mungu. Nazonso n'zolemera: mukatembenuka pabedi zimadzuka, n'kugwa patangopita mphindi 20 kapena 30. N'chifukwa chake pabalaza mumapeza bwino koma papilo ayi.

Nthatazi sizimwa madzi, zimayamwa chinyezi cha mumpweya. Chinyezi chikakhala pansi pa 50 peresenti kwa nthawi yaitali zimauma n'kufa. Vuto n'lakuti munthu akagona amatuluka thukuta ndipo amapumira m'zofunda, ndiye bedi limakhala dambo lawo ngakhale chipinda chili chouma. Mukadzuka musathamangire kuyala. Pindani zofunda chakumiyendo, matiresi apitidwe mpweya ola limodzi kapena awiri.

Mashiti ndi zovalitsa mapilo zizichapidwa mlungu uliwonse m'madzi otentha madigiri 60. Madzi ozizira amachotsa ndowe zambiri koma nthata zina zimapulumuka n'kuyambiranso. Ngati mulibe makina ochapira otenthetsa madzi, thirani m'beseni magawo 2 a madzi ozizira, muwonjezere magawo 3 a madzi owira kumene. Kusakaniza kumeneku kumapereka madigiri opitirira pang'ono 60, ndipo owonjezerawo amatayika beseni ndi nsalu zikamatenga kutentha. Vundikirani, zikhale mphindi 15, muzivundula ndi ndodo, osati dzanja, ana ali kutali. Kenako chapani monga mwa nthawi zonse. Mabulangete azichapidwa kamodzi pa mwezi kapena miyezi iwiri. Zidole za nsalu zimene sizingapirire madzi otentha muziike m'pepala la pulasitiki, zigone mufiriji youmitsa maola 24, kenako muzichape, chifukwa kuzizira kumapha nthata koma ndowe zimatsala momwemo. N'chimodzimodzi ndi kuyanika matiresi padzuwa lamphamvu maola angapo: nthata zina zimafa, koma muyenera kuwapopa kapena kuwaguguda panja, woguguda asakhale wodwalayo. Ndipo ngati mumadananso ndi mungu, kuyanika matiresi panja m'nyengo ya mungu n'kuthawa mvula kugwera m'chitsime.

Pali zovalitsa matiresi ndi mapilo zolukidwa mothinana kwambiri, mabowo ake osapitirira ma maikulomita 10, kutanthauza milimita imodzi yogawidwa ka 100. Zikhale za zipi, zokuta matiresi onse. Zongoyala pamwamba sizigwira ntchitoyi. Tinene zoona: kafukufuku wasonyeza kuti zovalitsazi pazokha sizisintha zambiri. Zimathandiza zikaphatikizana ndi kuchapa, kuchepetsa chinyezi ndi kuchotsa kapeti kuchipinda. Musanawononge ndalama, kayezetseni. Pali kuyeza kwa pakhungu, kumene amadontheza timadzi ta zinthu zosiyanasiyana pamkono n'kubaya pang'ono, ndipo yankho limaoneka m'mphindi 15 kapena 20. Palinso kuyeza magazi kofufuza asilikali a m'thupi otchedwa IgE. Anthu ambiri amalimbana ndi matiresi pamene mdani ndi nkhungu ya pakhoma kapena mphaka wogona pampando.

Ndikuganiza zogula makina oyeretsa mpweya. Kodi amagwiradi ntchito, nanga ndisankhe otani?
*Wowerenga wosafuna kutaya ndalama*

Amagwira, koma pa zimene zikuyandama basi. Mungu umene wagwa kale pansi ndi ndowe za nthata za m'pilo saziona. Amaonetsa mphamvu pa tinthu topepuka timene timakhala m'mwamba maola ambiri, monga tochokera kwa mphaka, timbewu ta nkhungu, ndi utsi, komanso pa mungu umene ukungolowa kumene.

Yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, sefa ikhale HEPA yeniyeni, yokola 99.97 peresenti ya tinthu ta maikulomita 0.3, kapena yolembedwa H13. Mawu akuti sefayo ndi yofanana ndi HEPA ndi nyambo ya otsatsa malonda. Chachiwiri ndi nambala yotchedwa CADR, imene imanena kuchuluka kwa mpweya woyera umene makinawo amatulutsa pa ola. Yezani chipinda. Ngati ndi cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, ndi 2.5 kufika kudenga, muli mpweya wa makyubiki mita 30. Mukufuna kuti mpweya wonsewo udutse m'sefa ka 5 pa ola, ndiye 30 kuchulukitsa ka 5 ndi 150. Makina a CADR yochepera makyubiki mita 150 pa ola achepa. Ngati nambalayo yalembedwa mu cfm (makyubiki fiti pa mphindi), ichulukitseni ndi 1.7 kuti ikhale makyubiki mita pa ola. Dziwaninso kuti nambala ya pabokosi amaiyeza makina ali pa liwiro lomaliza, limene phokoso lake simungagone nalo. Gulani okulirapo kuti aziyenda pa liwiro lapakati usiku wonse.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri n'zosavuta kupewa. Sefa yatsopano imabwera yokutidwa pulasitiki mkati mwa makina, ndipo alipo amene amayatsa miyezi osaichotsa. Ena amawapanikiza pakona kuseri kwa katani, pamene amafuna mpata wa masentimita 30 mpaka 50 mbali zonse. Ena amayatsa windo lili pululu, ngati akufuna kusefa mpweya wa dziko lonse. Sefa imasinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi fumbi, ndipo yambiri siichapidwa, madzi amaiwononga. Musanagule funsani ngati sefa zosinthira zimapezeka.

Pewani makina otulutsa mpweya wa ozoni. Kafungo kake kamamveka ngati ukhondo koma ozoni amapweteka njira za mpweya ndipo amadzutsa mphumu. Maluwa a m'miphika nawonso, ngakhale amatamandidwa pa intaneti, sachotsa mungu, ndipo dothi lake lonyowa limameretsa nkhungu.

Mwamuna wanga amayetsemula mphaka wathu akalowa. Ana akuti tingomumeta ubweya. Zingathandize?
*Mayi wa ana atatu*

Ayi mayi, musamuvutitse mphakayo. Chodwalitsa si ubweya koma puloteni yotchedwa Fel d 1, imene imachokera m'malovu ndi m'mafuta a pakhungu lake. Akamadzinyambita amaipaka thupi lonse, ikauma imauluka pa tinthu topepuka kwambiri n'kumata pamakoma, pamakatani ndi pazovala. Kumusambitsa kumachepetsa kwa masiku owerengeka chabe. Ngati simungasiyane naye, asalowenso kuchipinda chogona ngakhale masana, chitseko chizikhala chotseka, womugwira azisamba m'manja, ndipo apa m'pamene makina a HEPA amathandizadi. Mukamupereka kwina musadabwe bambowo akupitiriza kuyetsemula: puloteniyi imatha miyezi 5 kapena 6 isanatheretu m'nyumba. Galu wotuluka panja amabweranso ndi mungu paubweya, ndiye muzimupukuta ndi nsalu yonyowa asanalowe.

Chitsekereni mawindo pothawa mungu, kuseri kwa kabati ya zovala kwamera zakuda ndipo chipinda chikununkha chuku. Ndipake penti?
*Mnyamata wa lendi*

Penti ayi, achimwene. Nkhungu imapitiriza kumera pansi pake, ndipo pakapita miyezi yochepa pentiyo amatukusira n'kusupuka. Zimene zakuchitikirani ndiwo mtengo wa kutseka nyumba kotheratu. Kupuma kwa anthu, kuphika, kusamba ndi zochapa zoyanika mkati zimathira malita a madzi mumpweya tsiku lililonse. Madziwo akasowa kotulukira amakhala pakhoma lozizira, makamaka kuseri kwa katundu kumene mpweya suyenda. Chinyezi chikamakhala pamwamba pa 60 peresenti nkhungu imasangalala, nthata nazonso. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kakang'ono ngati wotchi ya patebulo. Kaikeni kuchipinda, ndipo cholinga chikhale pakati pa 40 ndi 50.

Fufuzani kaye ngati palibe podontha padenga kapena paipi yotayira m'khoma, chifukwa popanda kukonza pamenepo mukhala mukupukuta mpaka kalekale. Kokani kabatiyo ichoke kukhoma masentimita 5 mpaka 10. Valani magolovesi ndi masiki, tsegulani windo, tsukani khomalo ndi madzi a sopo ndi bulashi, osalipala louma chifukwa timbewu take timabalalika. Ngati mukufuna bulichi, sungunulani kapu imodzi ya mamililita 240 m'madzi okwana malita 4, ndipo musamusakanize ndi viniga, mankhwala otsukira chimbudzi kapena chilichonse chokhala ndi amoniya, chifukwa pamatuluka mpweya wakupha. Pomaliza umitsani khomalo. Makatoni, pilo kapena kapeti zimene zamera nkhungu n'zotaya. Chilichonse chimene chanyowa chiume pasanathe maola 24 mpaka 48. Nkhungu ikakuta malo oposa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, uzani eni nyumba abweretse odziwa ntchitoyo, ndipo wa mphumu asaigwire.

Pophika vundikirani mapoto, ndipo mukasamba tsekani chitseko cha bafa n'kutsegula kawindo kake. Mukasuntha kabatiyo muonenso ngati kulibe mphemvu. Ndowe ndi makoko ake zimadzutsa mphumu kwambiri mwa ana. Nyambo ya poizoni yoika m'makona imaposa mankhwala opopera, amene fungo lake lokha limatha kubanikitsa wodwala.

Zonsezi ndachita, ndapezako bwino, koma mphuno imatsekabe masiku ena. Mnzanga akuti ndizitsuka m'mphuno ndi madzi a mchere. N'zoona?
*Wowerenga wokhulupirika*

Mnzanuyo wanena zoona. Nyumba singayere mungu wonse, ndipo umene wakakamira m'mphuno umachoka ndi madzi. Wiritsani theka la lita ya madzi kwa mphindi 3, adikireni akhale ofunda ngati thupi, musungunulemo mchere wa magalamu 4.5, amene ndi supuni yaing'ono yosadzaza bwino, ndi kasoda wophikira kongotapa ndi zala. Mchere ukachepa kapena kuchuluka, m'mphuno mumawawa. Madzi a pampopi osawiritsa musayerekeze: nthawi zina mumakhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, kamene m'mimba sikavuta koma kakalowera m'mphuno kamatha kufika ku ubongo. Weramirani pabeseni, pendeketsani mutu, pumirani pakamwa, thirani m'bowo la pamwamba ndi kabotolo kofinya kapena sirinji yopanda singano, madziwo atulukire bowo linalo. Sinthani mbali, minani pang'onopang'ono. Otsala atayeni pakatha maola 24, kabotolo katsukeni kaume. Kupaka Vaseline pang'ono m'mphepete mwa mphuno potuluka panja kumakolako mungu wina usanalowe.

Pa mankhwala, mapiritsi monga cetirizine ndi loratadine amachepetsa kuyetsemula ndi kuyabwa, ndipo sagonetsa kwambiri ngati chlorpheniramine, amene woyendetsa galimoto ayenera kusamala naye. Mphuno yotsekeka imamva bwino mankhwala opopera a steroid monga beclometasone kapena fluticasone, koma ambiri amawasiya tsiku lachiwiri n'kumati sagwira. Amafuna masiku angapo, mwina milungu iwiri, akupoperedwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndi bwino kuwayamba milungu iwiri nyengo yanu yovuta isanafike. Tsukani kaye m'mphuno, kenako poperani ndi dzanja lamanja kumphuno yakumanzere ndi lamanzere kumphuno yakumanja, kuti mankhwala aloze chakukhutu, osati pakhoma la pakati limene limachedwa kupola likayamba kutuluka magazi. Musakokere mwamphamvu, amangotsikira kukhosi. Opopera otsegula mphuno nthawi yomweyo, monga oxymetazoline ndi xylometazoline, asapitirire masiku 5, chifukwa mukawazolowera mphuno imatseka kuposa kale akangotha mphamvu. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono afunse kaye dokotala kapena wa kufamase.

Chimfine cha mungu chimabwera ndi mamina oyera ngati madzi ndi kuyabwa, thupi silitentha. Mphuno ikamatseka mbali imodzi yokha, mukamatuluka magazi pafupipafupi, kapena mamina akakhala obiriwira nkhope ikuwawa thupi likutentha, kaonaneni ndi dokotala. Kutsokomola usiku ndi kulira kwa m'chifuwa kungakhale mphumu yofunika mankhwala ake. Ndipo munthu akamabanika mpaka kulephera kumaliza chiganizo, kapena milomo ndi lilime zikatupa, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.